Momwe mungadziwire mtsempha wa mtima womwe watsekeka poyang'ana makoma pa echo

Wophunzira echo (kuunika mtima ndi mafunde a ultrasound) aliyense amafika poti LAD, circumflex ndi RCA, mitsempha itatu ya coronary yodyetsa mtima, waziloweza, akhoza kuzijambula papepala atatsinzina. Koma mukamupatsa probe, kachipangizo kounikira koika pachifuwa, n'kumufunsa kuti khoma likufookali limalandira magazi kuchokera kuti, amangoti kakasi. Inenso ndinadutsa momwemo. Chimachititsa n'chakuti pa echo ya pachifuwa mitsempha imeneyi sioneka, kupatula poyambira pake nthawi zina. Chomwe timaona ndi minofu imene mitsemphayo imadyetsa. Ndiye phunziro lake liyenera kuyenda chobwerera, kuyambira pa khoma kukafika ku mtsempha.

Njira imeneyi ili ndi maziko ake. Mu 1935, Tennant ndi Wiggers anamanga mtsempha wa coronary wa galu n'kuona kuti pasanathe mphindi imodzi, mbali ya mtima yodyetsedwa ndi mtsemphawo yasiya kufinya. Khoma limafooka msanga, ECG (chithunzi cha magetsi a mtima) isanasinthe, wodwala asanamve n'kupweteka komwe. Ntchito yathu yonse yatsamira pamenepo.

Yambani ndi mtima mmene wakhalira m'chifuwa

Zithunzi zambiri zimauimika mtima chilili, kumanja kuli kumanja, kumanzere kuli kumanzere. M'chifuwa suli choncho. Wapendekeka, nsonga yake yaloza kumanzere, pansi ndiponso kutsogolo. Chipinda choyandikana kwambiri ndi fupa la pachifuwa ndi RV (ventricle yakumanja, chipinda cham'munsi), ndipo ndicho chimayamba kuoneka pamwamba pa sikirini mukaika probe pambali pa fupalo. Chakumbuyo kwenikweni ndi LA (atrium yakumanzere, chipinda cham'mwamba). Khoma limene lagonera pa diaphragm, mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndi lomwe timalitcha inferior, ndipo limene mabuku akale amalitcha posterior masiku ano timati inferolateral. Zolowerani dzina latsopanoli, koma lakalelo musaliiwale chifukwa madokotala ena akulilembabe.

Pezani chidole cha mtima chogwirika m'manja. Koma chiyang'anitsitseni musanachikhulupirire. Zina zogulitsidwa pa intaneti ndi anthu osadziwika mitsempha yake amangoipaka utoto pomwe wopakayo wafunira. Ndinaonapo china chomwe circumflex yake inkatsika kutsogolo mofanana ndi LAD, osazungulira kumbuyo. Ngati chanu chili chotero, tengani cholembera chosafufutika mukonze nokha buku la anatomy lili potsegula.

Tsatirani ngalande ziwiri

Mitsempha iwiri, RCA ndi left main (yomwe imagawika kukhala LAD ndi circumflex), imayambira patsinde pa aorta, mtsempha waukulu wotulutsa magazi mu mtima, m'timatumba totchedwa sinus za Valsalva. Timatumbato tilipo titatu, koma kamodzi kalibe mtsempha, n'chifukwa chake timati non-coronary. Kameneka ndi komwe kagundana ndi khoma lolekanitsa ma atrium awiri, ndipo ichi n'chizindikiro chosasokoneza pa short axis, chithunzi chodula mtima mopingasa.

Zotsalazo ndi ngalande basi. Ngalande yoyamba yazungulira mtima ngati lamba, pakati pa ma atrium ndi ma ventricle. RCA imadutsa m'menemo kumanja, circumflex kumanzere, n'kukayandikana kumbuyo. Ngalande yachiwiri yatsika pakati pa ma ventricle awiri, kutsogolo ndi kunsi komwe. Kutsogolo muli LAD, kunsi muli PDA (posterior descending artery). LAD imaponya nthambi za diagonal kunja ndi za septal m'kati mwa septum, khoma lolekanitsa ma ventricle awiri, ndipo imadyetsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a septum yo. Circumflex imatulutsa ma obtuse marginal opita kukhoma la m'mbali. RCA imadyetsa RV, ndipo mwa anthu ambiri, pafupifupi 7 kapena 8 mwa 10 aliwonse, ndiyonso imabala PDA. Mwa ochepa PDA imachokera ku circumflex, ndipo kwa iwowo khoma la inferior si la RCA ayi.

Jambulani mapu a zigawo 17, kenaka muwapake mitundu itatu

Mapuwa anatulutsidwa ndi American Heart Association mu 2002 kuti a echo, a MRI, a CT ndi a nuclear azilankhula chimodzi. Jambulani zozungulira zinayi, china m'kati mwa chinzake. Chakunja ndi basal, kutsinde kwa ventricle yakumanzere (LV), zigawo 6. Chotsatira ndi mid, 6 zinanso. Kenaka apical, chakunsonga, zigawo 4, ndipo pakati penipeni ndi nsonga, nambala 17. Muyambe pamwamba ndi 1, anterior, n'kumayenda motsutsana ndi mivi ya wotchi: anteroseptal, inferoseptal, inferior, inferolateral, anterolateral. Izi ndi 1 mpaka 6 za basal; mid imabwereza maina omwewo pa 7 mpaka 12, ndipo apical ndi 13 mpaka 16.

LAD mupake 1, 2, 7, 8, 13, 14 ndi 17. RCA mupake 3, 4, 9, 10 ndi 15. Circumflex itenge 5, 6, 11, 12 ndi 16. Mukatha muone mmene LAD yatengera malo ochuluka, makamaka kunsonga. Malire a mitunduyi musawakhwimitse. Mwa anthu ena LAD imapinda pansonga n'kukadyetsa chigawo 15, ndipo anterolateral nthawi zina imamwa ku diagonal. Ine ndinkajambula mapuwa tsiku lililonse ndisanalowe m'chipinda cha echo mpaka dzanja linazolowera lokha.

Parasternal: apa magawo a mitsempha yonse itatu amaonekera pamodzi

Wodwala agone chakumanzere, mkono wamanzere pansi pa mutu. Probe pambali pa fupa la pachifuwa kumanzere, pakati pa nthiti pamalo achitatu kapena achinayi, chizindikiro chake chaloza phewa lamanja la wodwala. Imeneyo ndi long axis. Khoma la pamwamba ndi anteroseptal, la LAD. La pansi ndi inferolateral, kawirikawiri la circumflex, nthawi zina la RCA. Kabowo kakang'ono kozungulira pamalire a LA ndi LV ndi coronary sinus, mtsempha waukulu wobweza magazi a mtima ku RA (atrium yakumanja). Musausokoneze ndi aorta yotsika, yomwe ili pansi pake, kunja kwa pericardium, kathumba kokuta mtima.

Potozani probe madigiri 90 motsatira wotchi mpaka chizindikiro chiloze phewa lamanzere. Pa mulingo wa valavu ya aorta, mwa wodwala wooneka bwino, left main imatuluka cha pa 4 koloko, RCA cha pa 11 koloko. Zikapanda kuoneka musatayepo nthawi. Tsikani mpaka pa ma papillary muscle, timinofu tiwiri togwira valavu ya mitral m'kati mwa LV, chifukwa chithunzi chimenechi ndi mapu anu aja ali moyo: anterior pa 12 koloko, anterolateral cha pa 2, inferolateral cha pa 4, inferior pa 6, inferoseptal cha pa 8, anteroseptal cha pa 10. LV iyenera kukhala yozungulira bwinobwino. Ikaoneka ngati dzira, mwadula mopendeketsa ndipo makoma akunamizani.

Ma papillary muscle awiriwo muwaonenso ndi diso la mitsempha. Wa anterolateral umalandira magazi mbali ziwiri, ku LAD ndi ku circumflex. Wa posteromedial kawirikawiri umadalira PDA yokha, n'chifukwa chake ndiwo umakonda kuduka pambuyo pa infarct (kufa kwa minofu ya mtima) ya inferior, valavu ya mitral n'kuyamba kutaya magazi mwadzidzidzi.

Apical: pamene ndinalakwitsa

Pa apical probe imaikidwa kunsonga ya mtima. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ndinatsala pang'ono kuphonya matenda aakulu. Ndinali m'miyezi yanga yoyamba. Anabwera bambo wina wachikulire, wonenepa pang'ono, yemwe chifuwa chinamupweteka usiku wa dzana lake. Ndinafufuza ndi zala pomwe mtima umagunda, sindinapamve bwino, ndiye ndinangoika probe pansi pa bere lamanzere. Chithunzi chinabwera chokongola kwambiri. Zipinda zonse zinayi zili mbee, makoma akufinya, nsonga ikukhuthala n'kumatsekeka bwino nthawi iliyonse mtima ukagunda. Ndinasangalala. Ndinasunga zithunzi n'kulemba kuti LV ikugwira ntchito bwino.

Mphunzitsi wanga atabwera anayang'ana sikirini kanthawi, kenaka anaika chala pansonga ya LV n'kundifunsa kuti, "Nsonga imeneyi ikuthawiranji probe?" Ndinalibe yankho. Anatembenukira kwa wodwala. "Bambo, tagonerani kumanzere kwambiri, ngati mukufuna kugona chafufumimba. Eya. Tulutsani mpweya wonse, mugwire pomwepo." Kenaka anandigwira dzanja, analitsitsa nthiti imodzi n'kulikankhira chakukhwapa. Chithunzi chinada pang'ono, sichinali chokongola ngati changa chija, koma LV inatalika pamaso panga. Ndipo kunsonga kunali khoma lopyapyala, lili duu, osasuntha, pomwe tsinde la mtima linkafinya mwamphamvu. Zigawo 13, 14 ndi 17 zinali zitaima, mbali ya 8 nayonso. Inali LAD. Nditabwerera ku ECG, yomwe sindinaiwerenge ndisanayambe, kusintha kunali poonekeratu pa mawaya a pachifuwa kuyambira V1 mpaka V4.

Chomwe ndinachita chimatchedwa foreshortening. Probe ikakhala pamwamba kwambiri, mafunde amadula LV mopingasa, kudutsa pakhoma la kutsogolo osafika kunsonga. Chooneka ngati nsonga pa sikirini chimakhala khoma la pakati, lokhuthala, lomwe mwina n'lamoyo bwinobwino. Kuopsa kwake n'kwakuti chithunzi cholakwikacho kawirikawiri ndicho chowala bwino, ndiye dzanja limakhazikika pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo ndimadzifunsa zinthu zingapo ndisanasunge chithunzi cha apical. LV yeniyeni ndi yaitali, yosongoka ngati chipolopolo, osati yobulungira ngati mpira. Khoma la pansonga yeniyeni ndi lopyapyala kuposa makoma ena. Ndipo nsonga yeniyeni imakhala pafupifupi malo amodzi, tsinde la mtima ndilo limatsikira kwa iyo. Mukaona nsonga ikulowa m'kati mwa LV pa systole iliyonse (mtima ukamafinya), kaikani. Ndimatsikanso nthiti imodzi nthawi zonse, ngakhale chithunzi chikhale chokoma chotani, mpaka nditatsimikiza kuti pansipo palibenso mtima. Mukatsika n'kupeza LV yatalika, ndiye kuti poyamba paja munali pamwamba. Pomaliza yezani utali wa LV pa four chamber (chithunzi cha zipinda zinayi) ndi pa two chamber (cha zipinda ziwiri). Kusiyana kukaposa 10 peresenti, chimodzi mwa ziwirizo chafupikitsidwa.

Chepetsaninso depth kuti LV idzaze sikirini, ndipo focus muikwezere kunsonga. Nsonga yosasuntha ndi malo omwe magazi amaundana, ndiye mukaipeza isesani pang'onopang'ono kuchokera mbali zingapo kufunafuna thrombus. Bedi lokhala ndi pobooka pambali limathandiza kwambiri kuti probe ifike kukhwapa. Ngati lanu lilibe, mukokereni wodwala m'mphepete mwenimweni mwa matiresi. Za jelo, musanyengedwe ndi wamadzimadzi wobwera m'zigubu zopanda dzina la wopanga. Amayenderera pansi wodwala akagona cham'mbali, mpweya n'kulowa pakati pa probe ndi khungu, ndipo malo oyamba kuda ndi pafupi ndi probe, pomwe pali nsongayo.

Mukaipeza four chamber yoona, septum yomwe mukuiona ndi inferoseptal: tsinde lake ndi la RCA, koma mukamayandikira nsonga imakhala ya LAD. Khoma linalo ndi anterolateral. Potozani madigiri pafupifupi 60 motsutsana ndi wotchi, osasuntha pakhungu, mupeza two chamber, anterior kumanja kwa sikirini, inferior kumanzere. Ena 60 mupeza three chamber, makoma omwe aja a parasternal long axis. Chigawo chilichonse chimaoneka m'zithunzi ziwiri kapena kuposa, ndipo musachiweruze ndi chimodzi.

Kupereka manambala

Yang'anani kukhuthala kwa khoma, osati kuyenda kwake kokha, chifukwa chigawo chakufa chimatha kukokedwa ndi chamoyo choyandikana nacho. Chabwino ndi 1, chofooka 2, choima 3, chotupira kunja pa systole 4. Phatikizani, gawani ndi kuchuluka kwa zigawo zomwe mwaziona. Mukachedwetsa kanemayo n'kuphimba theka la LV ndi dzanja, diso limasiyanitsa msanga.

Kenaka lembani manambalawo pa mapu aja muone ngati agwera pa mtundu umodzi. Ngati ndi inferior, pitani ku RV pompo, yezani TAPSE (mtunda womwe tsinde la RV, pa valavu ya tricuspid, limatsikira kunsonga pofinya), yomwe ikatsika pansi pa 17 mm ndiye kuti pali vuto, ndipo muyang'anenso mitral ndi colour Doppler, yoonetsa kayendedwe ka magazi. Septum yogwedezeka mwachilendo mwa munthu wa LBBB (kutsekeka kwa njira ya magetsi yopita ku LV), wa pacemaker kapena wochitidwa opaleshoni ya mtima si ya LAD nthawi zonse, onani ngati ikukhuthala. Kufooka kodumpha malire a mtsempha umodzi kukuganizitseni za mitsempha ingapo, myocarditis (kutupa kwa minofu ya mtima) kapena takotsubo (kufooka kwa mtima kwadzidzidzi komwe kawirikawiri kumatsatira mantha kapena chisoni chachikulu). Mu lipoti tchulani zigawo ndi maina ake, kenaka munene gawo la mtsempha lomwe zikugwirizana nalo, ndipo chigawo chomwe sichinaoneke mulembe kuti sichinaoneke.