Mmene Wophunzira Angapemphere Thandizo la Ndalama ku Koleji

Kodi wophunzira amene wasankhidwa kupita ku koleji koma ndalama zikumuperewera ayambire pati? Choyamba awerengetsere zonse zofunika pa chaka, osati fizi yokha, komanso malo ogona, chakudya ndi mabuku, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Akatero apite ku ofesi yoona za thandizo la ophunzira, atanyamula kalata yomuitana ndi umboni wa ndalama zimene makolo kapena omulera amapeza, ndipo mafomu awapereke tsiku lotsekera lisanafike.

Yankho likabwera asiyanitse thandizo losabweza, monga sikolashipu, ndi ngongole, yomwe kawirikawiri imabwezedwa ndi chiwongoladzanja. Ngongoleyo aiganizire pomaliza, ndipo asasaine asanawerenge mzere wonena nthawi yoyambira kubweza. Afunsenso ngati thandizolo limapemphedwa chaka chilichonse, pakuti lina limadulidwa magiredi akatsika.