Mmene mungayendere myuziyamu ya zaluso ya payunivesite

Anthu ambiri amazengereza kulowa m'myuziyamu ya payunivesite poganiza kuti ndi ya ophunzira ndi aphunzitsi okha, chonsecho malo ambiri otere amalandira aliyense ndipo ena salipiritsa n'komwe. Ku Ashmolean ya ku Oxford, yomwe inatsegulidwa mu 1683, ku Fitzwilliam ya ku Cambridge, yomwe inakhazikitsidwa mu 1816, ngakhalenso ku Wits Art Museum ya ku Johannesburg, munthu amalowa ulere.

Musananyamuke, onani pa webusaiti masiku otsegulira, chifukwa mamyuziyamu ambiri amatseka Lolemba, ndipo zipinda zina zimakhala zokhoma akamasintha chionetsero. Chikwama chachikulu mukachisiye pamalo osungira katundu, ndipo mufunse ngati kujambula ndi foni n'kololedwa.

Mukalowa, musakhale ndi mtima wofuna kuona zonse, pakuti maso amatopa msanga kuposa miyendo. Sankhani zithunzi kapena zosema zitatu kapena zinayi zokha. Yambani mwaima chapatali kuti muone chithunzi chonse, kenako senderani pafupi pang'onopang'ono mpaka muone mmene burashi inadutsira, pamene penti anaunjikana, ndi timing'alu tapamwamba tonga ta matope ouma ndi dzuwa. Musakhudze, ngakhale chosemacho chikhale chamwala, chifukwa mafuta a m'manja amasiya banga. Kachikwangwani kapambali muwerenge pomaliza, maso anu atanena kale zawo, chifukwa wowerenga poyamba amangoona zimene wauzidwa. Pamenepo pamalembedwa dzina la mmisiri, chaka, zipangizo zimene anagwiritsa ntchito, ndi nambala ya chinthucho, yomwe nthawi zambiri imayamba ndi chaka chimene myuziyamu inachilandira. Nambala imeneyi ilembeni.

Mukapeza chipinda chamdima pang'ono, musaganize kuti mababu apsa. Kuwala kumafwifwitsa inki ndi utoto wa pa pepala, ndipo zikafwifwa sizibwereranso, n'chifukwa chake zojambula za pa pepala amazionetsa miyezi yochepa kenako n'kuzibweza m'mabokosi. Izi zikutanthauza kuti zambiri zimene myuziyamu ili nazo sizili pakhoma ayi.

Apa ndi pamene myuziyamu ya payunivesite imaposa ena, popeza inamangidwira kuphunzitsa. Ambiri ali ndi chipinda chophunziriramo, mmene ngakhale munthu wakunja angathe kupempha kuona chojambula chosungidwa. Lembani imelo kudakali masiku, tchulani nambala kapena dzina la mmisiri, ndipo fotokozani mwachidule chimene mukufunira. Tsikulo mudzauzidwa kusamba m'manja ndi kulemba ndi pensulo yokha, popeza inki ya cholembera ikadontha pa pepala lakale sichoka. Wogwira ntchito ndiye adzatsegule bokosi ndi kuika pepalalo patebulo pamaso panu, popanda galasi pakati, ndipo mudzatha kuona ngakhale mzere umene mmisiri anafufuta asanajambule wina.