Kuzindikira lantana mukamayenda m'mapaki a mu Harare

Abale, mukamayenda ku Mukuvisi Woodlands kapena cha ku Cleveland Dam kuja mudzakumana ndi chitsamba cha timaluwa tokongola zedi, ana kuthamangira kukathyola. Imeneyo ndi lantana, Lantana camara, kwawo ndi ku Central ndi South America, anaibweretsa ngati duwa lokongoletsa pakhomo koma pano yawirira paliponse mpaka malamulo a Zimbabwe amaiwerengera pa zomera zowononga, ndipo pomwe yakhazikika udzu ndi timitengo ta kuno sizimeranso bwino.

Musathamangire duwa, yambani mwagwira kanthambi kanthete, mosamala. Mudzamva kuti si kozungulira ayi, kali ndi makona anayi, komanso timinga topindika tomwe timakola malaya. Masamba amamera awiriawiri moyang'anizana, okhakhala ngati sandipepa, m'mphepete muli timanomano. Fikisani limodzi mununkhize, fungo lake ndi lamphamvu lotsalira m'zala. Kenako ndiye duwa, timaluwa tambirimbiri pa mutu umodzi, pakati tachikasu kunja tapinki kapena tofiirira, poti timasintha mtundu tikamakula.

Apa mpomwe ndikufuna mumvetsetse makamaka inu amayi amene mumakathyola zumbani wa tiyi wa chimfine. Ziwirizi ndi zapachibale, masamba amafananako, ndiye munthu wachangu atha kusakaniza mu thumba limodzi. Zumbani alibe minga, masamba ake ndi owonda, amanunkhira mandimu, timaluwa take ndi toyererako ting'onoting'ono ndipo sabala zipatso zamadzi. Lantana imabala timabulosi tobiriwira tomwe tikapsa timada n'kumanyezimira. Tobiriwirato muli poizoni, mwana asaike m'kamwa chonde. Masamba nawo ng'ombe ikadya amaononga chiwindi, khungu n'kumasupuka ikakhala pa dzuwa. Mbalame zimadya takupsato bwinobwino n'kukataya mbewu kutali, nchifukwa chake mumaipeza kwambiri pansi pa mitengo ndi m'mafensi.

Mukaiona mu paki auzeni ogwira ntchito mommo, osayamba kukumba nokha. Koma ikakhala pa yadi panu, kapena pomwe mumagwira ntchito ya mu gadeni, kudula ndi chikwanje nkutaya nthawi, imaphukanso yochuluka kuposa kale. Dikirani mvula ifewetse nthaka, valani magolovesi, muzule ndi chitsa chomwe isanabale, ndipo muzipitakonso kukazula tomwe tikumera poti mbewu zimatsala m'dothi.