Laputopu ya Windows 8 yakubalalitsani? Yambirani pa kiyibodi

Mwezi watha azakhali anga a ku Matawale anandiimbira foni m'mamawa kuti iwe tabwera udzandionere chinthuchi. Mwana wawo wawatumizira laputopu kuchokera ku Joni, nde ikangoyaka ikumabweretsa timabokosi tamitundumitundu sikirini yonse, batani la Start lija analizolowera kuntchito osaoneka olo pang'ono. Nditafika ndinapeza sikirini ili zidindo za zala zokhazokha, amayesa kudina ngati foni. Ndipo sanalakwe kuganiza choncho, Windows 8 inatuluka mu Okutobala 2012 ndipo a Microsoft anaipanga maso ali pa matabuleti, timabokosi takulutakulu tija ndi toti chala chisaphonye. Vuto ndi loti malaputopu ambiri a kaunjika amene amafika kuno ku Zomba, kaya kwa ana a sukulu ku Chikanda kaya m'maofesi, sikirini yake si ya tachi, nde munthu umapatsidwa chinthu chopangira chala iwe uli ndi mausi.

Chomwe ndinawauza azakhali ndi chomwe ndikuuzeni inunso: Windows munaizolowera ija sinapite kulikonse, ili kuseri kwa timabokosito. Dinani batani la Windows, lija lili ndi kambendera pakati pa Ctrl ndi Alt, limodzi ndi D. Desikitopu yatulukira pompo, mafoda anu, Recycle Bin, tasikibala pansi, pafupifupi zonse momwe zinalili pa Windows 7. Kulikonse mungasokere, Windows ndi D akubwezani kunyumba. Azakhali anachita kupuma mozama ataiona.

Kupeza pulogalamu ndiye kumene ine ndimaikondera Windows 8, ngakhale anthu amaida. Musamavutike kuyendayenda m'timabokosi kufuna Word. Dinani batani la Windows lokha, timabokosi tikabwera ingoyambani kulemba, w, o, r, palibe poti mudine kaye, imayamba kufufuza yokha nkukuonetsani Word, inu Enter basi. Mukaipeza pulogalamu yomwe mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kilikani ndi batani lakumanja la mausi musankhe Pin to taskbar, izikhala pansi pa desikitopu mpaka kalekale. Ikani zinayi kapena zisanu, Word, Excel, browser, foda yamafayilo, mukatero kutimabokosi muzipitako mwa apo ndi apo.

Tsopano kuzimitsa, apa mpomwe ambiri amathera nzeru. Azakhali sabata yonse amangokanikiza batani la pawa mpaka ithime, ena amangotseka chivundikiro nkuiponya m'chikwama ikadali moyo, pofika ku Chinamwali yatentha batire yatha. Kukanikiza batani choncho kungakuonongereni fayilo yomwe imasevedwa, musazolowere. Njira yake ndi iyi: Windows ndi I, kumanja kutuluka kachigawo, pansi pake pali Power, kenako Shut down. Njira ina yomwe ine ndimadutsa, khalani pa desikitopu mapulogalamu onse mutatseka, dinani Alt ndi F4, kabokosi kozimitsira kachikale kaja kabwera.

Alt ndi F4 yomweyo ndi imene imatseka mapulogalamu atsopano aja odzadza sikirini yonse opanda ka X pakona. Ndi mausi amati mupite pamwamba penipeni pa sikirini, mugwire nkukokera mpaka pansi ngati mukutsitsa nsalu pachingwe, zimatheka koma pa tachipadi ndi chintchito. Ndipo ambiri amagwera m'mapulogalamu amenewa osafuna, mwatsegula chithunzi cha pa ukwati mwadzidzidzi sikirini yonse yada tasikibala yasowa. Konzani kamodzi: kilikani kumanja pa chithunzi chilichonse, Open with, Choose default program, musankhe Windows Photo Viewer. Chitaninso chimodzimodzi pa nyimbo, mavidiyo ndi ma PDF, koma chilichonse muchisankhire pulogalamu yake yoyenera. Za mavidiyo ikani pulogalamu yotchedwa VLC, chifukwa Windows 8 payokha siiseweretsa ma DVD, nde ngati muli ndi chimbale cha kwaya ya kutchalitchi musaganize kuti chafa.

Pali kanthu kena komwe kanawakwiyitsa kwambiri azakhali. Akulemba kalata bwinobwino, mwadzidzidzi kumanja kwatulukira mzere wakuda wa tizizindikiro tisanu, kumanzere chiwotchi chachikulu. Amati ndi vairasi. Ayi, dzina lake ndi Charms, muli Search, Share, Start, Devices ndi Settings, imabwera mausi ikafika pakona yakumanja pamwamba kapena pansi, komanso pa malaputopu ambiri chala chikalowa pa tachipadi kuchokera m'mphepete mwakumanja. Ndinakhala nkumaonerera dzanja lawo, chala chimayambira kunja kwenikweni kwa tachipadi ulendo uliwonse. Yambirani pakati, isiya. Ikatulukabe dinani Esc kapena kilikani pena paliponse. Mukaifuna dala ndi Windows ndi C.

Amene muli ndi mwayi wa sikirini ya tachi, zanu nzosavuta chifukwa anapangira inu. Kokani chala kuchokera m'mphepete mwakumanja Charms ibwera, kuchokera kumanzere musinthira ku pulogalamu ina yotsegula, kuchokera pamwamba mpaka pansi mwatseka. Masiku awiri dzanja lazolowera.

Kenako onani kuti muli ndi iti kwenikweni, pakuti Windows 8 ndi 8.1 si chimodzi. Windows ndi R, lembani winver, Enter. Ikalemba 6.2 ndi 8 yoyamba, ikalemba 6.3 ndi 8.1 yomwe inatuluka mu Okutobala 2013 anthu atadandaula kwambiri. Ya 8.1 inabweza kabatani ka Start pakona, ndipo Windows ndi X imakupatsani pozimitsira pafupi. Chabwino koposa, mutha kuiuza kuti ikayaka izipita ku desikitopu osadutsira kutimabokosi: kilikani kumanja pa tasikibala, Properties, Navigation, chongani pomwe akunena za go to the desktop instead of Start. Ya azakhali inali 8.1, titangochonga pamenepo theka la madandaulo linathera pomwepo.

Nkhani ya bandulo musaiphonye. Timabokosi tina ndi tamoyo, ta nyengo, ta nkhani, ta masewera, timatembenuka tokha kukoka zinthu pa intaneti, inu mwalumikiza hotisipoti ya foni kuti mungotumiza imelo imodzi koma bandulo ikudyeka ndi nyengo ya ku London. Kilikani kumanja pa kabokosi, Turn live tile off, kapena Unpin from Start kachokeretu. Kuchotsa kabokosi sikufufuta pulogalamu, musaope. Komanso netiweki ya foni yanuyo iuzeni kompyuta kuti ndi metered connection, pa 8 mumakilika kumanja pa dzina la Wi-Fi, pa 8.1 zili mu PC settings pa Network, ikatero imachepetsa zokoka mwakachetechete. Ikakuumirizani akaunti ya Microsoft, dziwani kuti local account, akaunti ya pa kompyuta yokhayo, iliponso ndipo imagwira bwinobwino popanda intaneti.

Chimodzi ndinene mosabisa chifukwa chimandikhudza. A Microsoft anasiya kuisamalira Windows 8 mu Januwale 2016, ndipo 8.1 pa 10 Januwale 2023, kutanthauza kuti mabowo achitetezo sakutsekedwanso, browser ya Chrome nayo inaimira pa vezhoni 109. Polembera asayimenti, kusunga maakaunti a banki mkhonde, kuonera mavidiyo, ilibe vuto. Koma za kubanki pa intaneti ine sindingakulimbikitseni pamenepo, ndipo fulashi ya munthu aliyense yochokera kosindikizira mapepala mtauni musamangoibaya osaisikana.

Ndisanatsanzike azakhali anatenga kapepala nkulemba okha ndi bolopeni yofiira, Windows D kunyumba, Windows I kuzimitsa, Alt F4 kutseka, Esc kuthamangitsa mzere wakuda, nkukamata ndi selotepi pambali pa tachipadi. Lachisanu anandiimbiranso, ulendo uno amafunsa momwe angalumikizire printa.