Kulondola Vuto la Chithunzi ndi Mawu pa Ma TV Odalira Dishi kapena Eriyo Imodzi

M'nyumba zina masiku ano muli ma TV awiri kapena atatu, ina pabalaza, ina kuchipinda, koma onse amadalira dishi kapena eriyo imodzi yomwe ili padenga. Chithunzi chikayamba kuduladula kapena mawu akasowa, anthu ambiri amathamangira kukagula dikoda yatsopano kapena busita, kachipangizo kokuza mphamvu ya signal, chonsecho kawirikawiri cholakwika chimakhala pa chingwe kapena pa malo olumikizira, zomwe ndi zinthu zotsika mtengo kuposa zonse. Njira yodalirika ndi kulondola signal kuchokera padenga kufikira pa TV, mukusintha chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa mukasintha zitatu pamodzi simungadziwe chomwe chinali cholakwika. Musanagwire chingwe chilichonse, zimitsani dikoda ndi kuizula pa soketi, popeza imatumiza magetsi ochepa m'chingwe chopita ku dishi, ndipo mawaya akagundana ikhoza kuwonongeka.

Funso loyamba ndi lakuti, kodi vutolo lili pa ma TV onse kapena pa imodzi yokha? Ngati lili ponseponse, gwero lake lili pakati pa denga ndi sipilita, kachipangizo kachitsulo kamene kamagawa signal ku zipinda. Ngati lili m'chipinda chimodzi, sinthanitsani zingwe za zipinda ziwiri pa sipilitayo. Vuto likasamukira kuchipinda chinacho, ndiye kuti khomo lina la sipilita ndi lakufa, koma likatsalira komwe linali, cholakwika ndi chingwe cha chipindacho kapena TV yeniyeniyo.

Kenaka tsegulani menyu ya dikoda pamene pamaonetsa signal, ndipo mudzapeza miyezo iwiri, Strength ndi Quality. Woyamba umangonena kuchuluka kwa mphamvu yomwe ikufika, ngakhale itakhala yodzaza ndi phokoso, pamene wachiwiri umanena ngati dikodayo ikutha kuwerenga zomwe zafikazo, ndipo wachiwiriwu ndi umene muyenera kuukhulupirira. Kanema wa digito sazilala pang'onopang'ono monga ankachitira wakale uja wa analogi. Amaoneka bwino mpaka pamlingo wina, kenaka chithunzi chimagawika m'timabokosi, chimaima, mawu amadukaduka, ndipo zonse zimazimiririka. Uthenga wa E48-32 pa dikoda za DStv umatanthauza zomwezi, kuti signal sikufika, ndipo sukhudzana ndi malipiro a mwezi.

Pa malo olumikizira ndi pamene muyenera kutayapo nthawi yambiri. Chingwe cha TV chili ndi kawaya kamodzi pakati, kokutidwa ndi pulasitiki yoyera, ndipo kunja kwake kuli timawaya tolukana tomwe timatchinga phokoso lochokera kunja. Masulani F-connector iliyonse, cholumikizira chachitsulo cha kumapeto kwa chingwe, ndi kuiyang'ana powala bwino. Kawaya kamodzi kokha ka tolukanato kakakhudza ka pakati, signal imatha kusowa kotheratu, ndipo kawayako kamakhala kaching'ono ngati tsitsi moti mumdima wa kuseri kwa TV simungakaone. Ngati waya wapakati wada kapena wachita ndere zobiriwira, madzi analowa, ndipo kupala ndi mpeni sikuthandiza kwa nthawi yaitali chifukwa madziwo amayenda m'kati mwa chingwe. Dulani mpaka mufike pamene waya akuwala, muike cholumikizira chatsopano, ndipo cha panja muchikulunge ndi tepi yosalowa madzi. Pamene chingwe chikulowa m'khoma, chipindeni pang'ono kuti chiyambe chatsikira pansi chisanalowe, kuti madzi a mvula azidonthera panja m'malo motsata chingwe mpaka ku dikoda. Musaiwalenso m'siling'i, momwe makoswe amatafuna zingwe popanda wowaona.

Chizolowezi cholumikiza zingwe ziwiri pongopota mawaya ndi manja ndi kumangapo pepala la pulasitiki, monga timachitira ndi nthambo ya wailesi, chimawononga signal kwambiri, pakuti chingwechi chinapangidwa mwa muyezo wa ma ohm 75 ndipo mfundo yotereyi imasokoneza muyezowo. Gwiritsani ntchito cholumikizira choyenera. Pa mtunda wautali sankhani chingwe cha RG6 osati RG59, chomwe ndi chopyapyala ndipo chimataya signal msanga, makamaka ya matchanelo a mafunde apamwamba. Ichi n'chifukwa chake chingwe choipa chimatha kusowetsa matchanelo ena n'kusiya ena.

Sipilita siwonjezera kanthu, imangogawa. Ya makomo awiri imachotsa pafupifupi 3.5 dB pa khomo lililonse, kutanthauza kuti TV iliyonse imalandira mphamvu yochepera pang'ono theka, ndipo ya makomo anayi imachotsa pafupifupi 7 dB. Mukalumikiza masipilita motsatizana, zotayikazo zimaphatikizana, ndipo chipinda chakumapeto ndi chimene chimavutika. Musagule ya makomo asanu ndi atatu pamene ma TV ndi atatu okha. Busita imathandiza pokhapokha ngati signal ya pa eriyo ndi yoyera koma ikufooka chifukwa cha kugawidwa ndi kutalika kwa zingwe, ndipo malo ake ndi pafupi ndi eriyo, sipilita isanafike. Ikaikidwa kuseri kwa TV imakuza signal pamodzi ndi phokoso lomwe latoledwa m'njira. Kwa amene amakhala pafupi ndi nsanja youlutsira, monga ogwiritsa ntchito GOtv kapena Kiliye Kiliye m'mizinda, busita ikhoza kukhala gwero la vutolo mwa kudzaza dikoda ndi mphamvu yopyola muyezo, choncho yesani kuichotsa muone ngati Quality ikwera.

Dishi ili ndi malamulo akeake. Dikoda imalamulira LNB, kamutu kamene kali patsogolo pa dishi, potumiza ma volti 13 kapena 18 pofuna kusankha gulu la matchanelo, komanso kachizindikiro ka 22 kHz posankha mafunde apamwamba. Dikoda ziwiri zikagawana chingwe chimodzi kudzera pa sipilita wamba zimalimbirana LNB imodzi, ndipo zotsatira zake n'zakuti matchanelo ena amasowa kuchipinda nthawi iliyonse pamene wa pabalaza wasintha tchanelo. Mankhwala ake ndi LNB ya makomo awiri, dikoda iliyonse ndi chingwe chake, kapena multiswitch, kabokosi kogawira dikoda iliyonse signal ya dishi payokha, ngati dikoda ndi zambiri. Onaninso zolembedwa pa sipilita, chifukwa signal yochokera ku LNB imayenda pakati pa 950 ndi 2150 MHz, ndipo sipilita yolembedwa 5–1000 MHz ndi ya eriyo basi. Chithunzi kusowa kwa mphindi zochepa pa mvula yamkuntho n'kwachibadwa, koma chikamasowa ngakhale pa mvula yowaza, dishi yasuntha ndi mphepo, kapena mtengo wa mango womwe unali waung'ono pa nthawi yoika dishiyo tsopano watchinga njira. Setilaiti ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, choncho dishi ikangosuntha pang'ono imaiphonya.

Nyumba zina zimatumiza zomwe dikoda ya pabalaza ikuonetsa kupita kuzipinda kudzera pa khomo la RF OUT, ndipo signal imeneyo ndi ya analogi. Chithunzi cha mchengamchenga chimasonyeza kufooka kwa signal, pamene mizere yopingasa imasonyeza kuti tchanelo chomwe dikoda ikutulutsira chikuwombana ndi china, ndipo muyenera kusankha nambala ina m'menyu ndi kusakanso pa TV. Ngati chithunzi chili bwino koma m'malo mwa mawu mukumveka phokoso la "shii", TV ndi dikoda sizikugwirizana pa dongosolo la mawu. Dongosolo la B/G limaika mawu pa mtunda wa 5.5 MHz kuchokera pa chithunzi, la I pa 6.0 MHz, ndipo la D/K pa 6.5 MHz, choncho sankhani lofanana mbali zonse ziwiri. Izi zimachitika kawirikawiri pa ma TV ogulidwa kunja. Chithunzi chopanda mitundu chimachokera ku kusagwirizana kwa madongosolo a mitundu otchedwa PAL ndi NTSC, ndipo chimakonzedwanso m'menyu momwemo.

Mkokomo wotsika wa "mmm" m'masipika, limodzi ndi mzere wakuda woyenda pang'onopang'ono pa chithunzi, umachokera ku magetsi a m'nyumba omwe amayenda pa 50 Hz. Lumikizani TV, dikoda ndi zokuzira mawu pa soketi imodzi, ndipo musayendetse chingwe cha TV mogundana ndi cha magetsi kwa mtunda wautali. Pa chingwe cha HDMI, chithunzi chikamaoneka popanda mawu, pitani pa gawo la mawu m'dikoda ndi kusintha Dolby Digital kukhala PCM kapena Stereo, popeza ma TV ena sawerenga Dolby. Pa zingwe zitatu za AV zolumikiza dikoda ndi TV, chachikasu ndi cha chithunzi, choyera ndi chofiira ndi za mawu, ndipo chimodzi mwa ziwirizi chikaduka m'kati mawu amatuluka mbali imodzi yokha.

Mukafika pofunika kukwera padenga, dikirani kuti malata aume, musakwere kukuchita ziphaliwali, ndipo chitsulo cha eriyo chitalikirane ndi mawaya a magetsi olowa m'nyumba. Pakhale munthu wina pansi woyang'ana Quality pa TV ndi kukuuzani manambala, ndipo musanamasule boluti iliyonse ya dishi lembani chizindikiro pa chitsulo ndi cholembera, kuti zikakanika muibwezere pomwe inali.