Mmene mungamvere gulu la blues pa chikondwerero cha nyimbo

Ngati pa ndandanda ya chikondwerero pali gulu la blues, mtundu wa nyimbo umene unayambira pakati pa anthu akuda a kum'mwera kwa dziko la America, musathamangire kutsogolo kwenikweni kwa siteji. Pamenepo besi ndi ng'oma zimakugundani pachifuwa, mawu a woyimba n'kumira. Ine ndimayamba ndafufuza pamene pakhala injiniya wa mawu, kawirikawiri pa kahema ka pakati pa bwalo, n'kuima cha pomwepo. Iyeyo amakonza mawu potengera zomwe makutu ake akumva pamalopo, choncho mukayandikana naye mumamva gitala, hamonika (kachipangizo koliza pouzira ndi pakamwa) ndi mawu zili bwinobwino.

Fikani dzuwa likanali m'mwamba. Zikondwerero za nyengo yotentha zimakhala ndi masiteji angapo, ndipo oyimba achikulire omwe blues ili m'magazi nthawi zambiri amapatsidwa siteji yaing'ono masana. Chicago Blues Festival, yomwe inayamba mu 1984, patatha chaka katswiri wa blues Muddy Waters atamwalira, imachitika mu June ndipo kulowa n'kwaulere. Tengani madzi, chipewa ndi zotsekera m'makutu.

Tsopano kumvetsera kwenikweniko. Nyimbo zambiri za blues zimayenda m'zigawo 12, chilichonse cha kugunda kanayi, pa makodi (magulu a manotsi olizidwa pamodzi) atatu okha. Werengani chamumtima: modzi, wiri, tatu, nayi, mpaka kufika maulendo 12, mudzamva nyimbo ikubwerera poyambira. Mawu ake nawonso ali ndi njira yawo. Woyimba amatchula mzere umodzi, n'kuubwerezanso, kenako mzere wachitatu umabwera kudzamasula nkhaniyo. Koma chomwe ndimafuna kuti musaphonye ndi mpata umene woyimba amasiya akamaliza mzere uliwonse. Mpata umenewo ndi wa gitala kapena hamonika, kuti iyankhe. Katswiri wa blues B.B. King sankakonda kuyimba ndi kuliza gitala nthawi imodzi: ankayimba mzere, n'kusiyira gitala yake, yomwe ankaitcha Lucille, kuti iyankhe. Mukangozindikira kuyankhana kumeneku, simudzamvanso ngati nyimbo zonse za blues n'zofanana. Mudzamva gitala ikuvomereza, pena ikutsutsa, pena ikungodandaula ndi chingwe chimodzi chokankhidwa ndi chala mpaka kulira.

Woliza hamonika muyang'aneni m'manja. Akafumbata hamonika pamodzi ndi kamayikolofoni kakang'ono, akutsatira njira yomwe katswiri wa hamonika Little Walter anatchukitsa ku Chicago m'zaka za m'ma 1950, ndipo n'chifukwa chake kachipangizo kakang'onong'ono kamatulutsa mawu okhuthala chonchija. Wa ng'oma naye mupatseni nyimbo imodzi yathunthu. Kugunda kwake kumayenda motsimphina, kutalika kenako kufupika, ndipo ndi komweko kumakugwedezani mapewa musanadziwe.

Maso akhale pa mtsogoleri wa gulu. Zambiri sizikhala zokonzeratu. Akagwedezera mutu wa piyano, ndiye kuti wamupatsa zigawo 12 zotsatira; akakweza khosi la gitala, nyimbo ikutha; akatsitsa dzanja, gulu lonse limatsika mpaka kunong'ona. Katswiri wa gitala Buddy Guy amadziwika ndi zimenezi, kutsitsa nyimbo pansi penipeni kenako n'kuiphulitsa, pena n'kutsika pa siteji kulowa m'khamu akulizabe gitala. Nthawi yotsikayo chonde musayambe macheza ndi mnzanu. Zimandiwawa kwambiri kuona woyimba akupereka mtima wake wonse anthu ali kalikiliki kujambula pa foni.

Kuyankha n'kololedwa, ndipotu oyimba amakufuna. Mzere ukakukhudzani, kuwani. Wa gitala akamaliza gawo lake, muombereni m'manja nyimbo isanathe. Mukamaomba motsatira nyimbo, ombani pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, pomwe wa ng'oma amamenya mwamphamvu. Oyimba akatsika pa siteji, pitani pa tebulo lomwe amagulitsira ma CD ndi malaya. Magulu ang'onoang'ono ambiri amadalira ndalama zimenezo paulendo, ndipo kawirikawiri oyimbawo amakhala pomwepo, okonzeka kukupatsani moni.