Chuku m'mtedza ndi chimanga: zoyenera kuchita katundu asanafike ku Soweto

M'mwezi wa Ogasiti 2024, Unduna wa Zaumoyo wa kuno ku Zambia unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin, ndipo poizoniyo anapezekanso mu ufa wina wogulitsidwa m'masitolo. Chinali chaka cha chilala chimene boma linachitcha tsoka la dziko, ndipo zimenezi n'zogwirizana, pakuti mbewu yovutika ndi ng'amba pamene ikukhwima imagwidwa msanga ndi chuku. Malangizo awa akupita kwa alimi a ku Chongwe, Kafue ndi Chilanga, komanso kwa amalonda amene amapikula mtedza, umene ambiri timautcha nshawa, ku Petauke, Katete ndi Chipata n'kudzagulitsa pa msika wa Soweto muno mu Lusaka.

Choyamba kudziwa n'chakuti poizoni ameneyu satha ndi moto wa kukhitchini. Mungakazinge mtedza mpaka kufiira, kapena kuphika nsima nthawi yaitali, iye amakhalamobe. Munthu akamamudya pang'onopang'ono kwa zaka, amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo kwa ana amagwirizana ndi kupinimbira. Ng'ombe yodya gaga wachuku imamupatsira mumkaka.

Ntchito yaikulu ili pokolola. Mtedza ukumbidwe ukangokhwima, pamene mkati mwa khoko mwayamba kuda, chifukwa ukakhalitsa m'nthaka chiswe chimaboola makoko ndipo chuku chimalowera pamenepo. Mukazula, sanjani mapesi mozungulira, masamba kunja, mtedza mkati, ndi kusiya mpata pakati woti mphepo izidutsa, monga mwa njira imene alangizi amaitcha Mandela cock. Mukathothola, yanikani pa lona kapena pa thandala, osati pa dothi. Wouma bwino umalira mukaugwedeza pafupi ndi khutu, ndipo njere yake imathyoka mukailuma, sinyenyeka ngati chinangwa chophika.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndimachiona chaka ndi chaka, ndipo chimawononga ntchito yonse ya m'munda. Madzulo mayi amawaza madzi pa mulu wa mtedza kuti makoko afewe, zala zisapweteke posenda. M'mawa njere zija, zikadali zozizira ndi chinyontho, zimathiridwa m'thumba n'kusokedwa. Ena amawaza dala kuti thumba lilemere pa sikelo. Thumba lotere likayenda pa lole kuchokera ku Chipata, litafundidwa lona padzuwa, mukapisamo dzanja mumamva kufunda, ndipo ndiye kuti chuku chayamba kale. Ndi bwino kusunga mtedza m'makoko ake ndi kusenda wokhawo umene wapeza wogula.

Za chimanga n'zodziwika: chisagone pansi m'munda, ndipo bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga la FRA limafuna chinyezi chosapitirira 12.5 peresenti. Matumba akhale pa mitengo kapena pa mapaleti, osakhudza khoma.

Tsono nkhani ya malamulo. Kuno kwathu lamulo la Food Safety Act la 2019 limaletsa kugulitsa chakudya choika moyo pachiswe, bungwe la boma la ZABS limakhazikitsa miyezo ndi kuyeza katundu, ndipo la ZCSA limaona kuti miyezo yokakamiza ikutsatidwa. Kunja nako sanyengerera. Maiko a European Union salandira mtedza wodya anthu ngati poizoniyu apitirira magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi, mlingo wochepa kwambiri moti njere zowola zowerengeka zimatha kubwezetsa katundu yense. Woyeza amangotapa pang'ono m'matumba angapo, choncho mlimi mmodzi wowaza madzi amagwetsa gulu lonse limene anaphatikiza nalo katundu. Nchifukwa chake makopaletivu ayenera kulemba dzina la mwini pa thumba lililonse ndi kuliona lisanasakanizidwe. Kwa ofuna misika yotere, alipo mankhwala achilengedwe a Aflasafe, ochepetsa poizoniyu mbewu ikadali m'munda, amene bungwe la kafukufuku wa ulimi la IITA linakonza pamodzi ndi la boma la ZARI. Amawazidwa makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa. Amathandiza, koma salowa m'malo mwa kuyanika bwino.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kumene kumapita mtedza wosankhidwa. Njere zabwino zimakagulitsidwa, koma zofota, zoswekasweka ndi zakuda zimasinjidwa kukhala nsinjiro zothira m'phala la mwana, kapena zimagulitsidwa motchipa pa meda kwa opera chiponde, kumene maso sangazionenso. Poizoni wambiri amakhala m'njere zomwezo. Musadye, musapatse nkhuku kapena nkhumba. Zikwirireni m'dzenje lakuya kapena zitentheni. Ndipo inu ogula nsinjiro pa msika, ngati n'kotheka gulani njere zathunthu, musankhe nokha pa lichero, n'kukasinja kunyumba.